Maso a Bartolo Cravero

Elvio Cravero ndamudziwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo sindikukumbuka kuti ndinamuonapo atakhala pansi mpaka chikho cha tiyi wathu wa yeriba kuzungulira anthu onse n'kubwereranso kwa iye. Amamwa chiimire. Akamalankhula nawe makiyi amakhala akulira m'dzanja, maso ali kumsewu, ngati pali wina amene akumudikirira kwinakwake. Mkazi wake Dorita amati ngakhale tsiku la ukwati wawo mwendo wake unkangogwedera paguwa mpaka wansembe anamunong'oneza kuti ngati akufuna kukataya madzi apite msanga. Ine paukwatipo sindinalipo, choncho izi ndangomva.

Elvio amayendetsa lole ya thanki yotolera mkaka m'makola ozungulira tauni yathu ya Santa Clorinda. Ine ndine Zulema Dalmasso, ndipo ndinkagwira ntchito yoyeza mkaka kufakitale ya tchizi mpaka pamene ndinapuma. M'mawa uliwonse ankandibweretsera timabotolo ta mkaka wa khola lililonse, n'kuima pakhomo akuvinavina.

"Zulema, changu! Mkakawo usanduka tchizi uli m'manja mwakomo."

"Wadazi iwe, makina sadziwa kuti uli ndi nyerere m'buluku."

Wadazi ndi dzina limene tauni yonse imamuitanira kuyambira ali ndi zaka makumi atatu. Nditamupempha chilolezo choti ndilembe nkhani yakeyi anangoti, "Lemba, koma usandiike tsitsi."

Anabadwa mu 1961 m'kanyumba ka kuseri kwa khola la eni ake, chifukwa bambo ake, a Bartolo, anali munthu wokama ng'ombe za ena moyo wawo wonse. Sukulu anailekeza kalasi yachisanu ndi chiwiri. Anakama nawo mpaka atakula, kenaka anaphunzira kuyendetsa galimoto ku usilikali, ndipo atabwerako analumbira kuti sadzagwiranso bere la ng'ombe. Lumbiroli analisunga. Mkaka wokha ndi umene sunamusiye.

A Bartolo anachoka kumapiri a kufupi ndi Cuneo, ku Italiya, mu 1951, ndipo anamwalira kuno mu 1996. Chilankhulo chakwawo ankalankhula ndi ng'ombe zokha. Ana awo sanawaphunzitse ngakhale mawu amodzi, kupatula otukwana, amenenso anawo anachita kutola okha kukhola. Za abale awo sankanena. Pano zimenezi si zachilendo. Agogo anga aamuna nawonso anali otero.

Lamlungu lina m'mwezi wa Marichi, chaka cha 2022, foni ya Elvio inalira ndi nambala yachilendo. Anali mayi wina wa ku Italiya, dzina lake Graziella, wodziwa chilankhulo chathu cha Chisipanishi mwa apo ndi apo. Anati wakhala miyezi ingapo akufufuza a Cravero a kuno m'malo mwa apongozi ake, a Ghita, mlongo wawo wamng'ono wa a Bartolo. Elvio sankadziwa n'komwe kuti ali ndi azakhali amoyo. A Ghita anali ndi zaka 86, ndipo panali patatha zaka khumi chisiyireni kuona.

Graziella anapereka foni kwa mayi wokalambayo. Elvio anangoti, "Halo, ndine Elvio." Kumbali inayo kunamveka kulira. Graziella atatenganso foni anati, "Akuti mawu anu ndi a Bartolo enieni." Ndipo ananena chimene azakhaliwo ankafuna. "Zithunzi musatumize, sangazione. Bartolo anamuona komaliza ali mnyamata. Akufuna muwauze kuti ankaoneka bwanji atakula. Koma muwauze nokha, ndi pakamwa panu, m'chilankhulo choti amve. Ine andikaniza kumasulira. Akuti mawu anga si a mlongo wawo."

Umu ndi mmene Elvio anapezekera m'kalasi ya Chitaliyana m'holo ya Bungwe la Ataliyana, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse 5 koloko madzulo, atangoimika lole, akununkhabe dizilo. Tinalipo ophunzira asanu ndi anayi. Ine ndinalowa chifukwa nditapuma pantchito masiku ankanditalikira. Aphunzitsi athu anali a Marisel Peretti, mtsikana wofatsa amene anakhalapo zaka zinayi ku Torino. Pampando wakutsogolo pankakhala a Hilario, amene anameta amuna onse a tauni ino kwa zaka makumi asanu, ndipo tsopano ankafuna Chitaliyana kuti akazunze nacho mpongozi wawo ku Milano.

Elvio sankakwana m'kalasimo. Tikamaphunzira kupereka moni, iye ali kale pa tsamba la makumi anayi. Tikamaphunzira kugula tikiti ya sitima, iye ali chiimire kumbuyo, akuyang'ana pawindo.

"Aphunzitsi, tidumphe izi. Ine sindikupita kulikonse. Ndi liti tifike pa za anthu?"

"Phunziro lachisanu ndi chimodzi, bambo Cravero. Khalani pansi."

"Mumangireni ku tebulo," anatero a Hilario osatembenuka. "Ng'ombe yoponya mateche amaimanga miyendo."

"Inu madala, samalani, mano anuwo angagwere m'buku."

Komabe ankalimbikira kuposa tonsefe. Mawu atsopano ankawalemba pa timapepala n'kumata pa galasi la lole, ndipo okama m'makola anayamba kundiuza kuti Wadazi wapenga, akumalankhula yekha uku akulumikiza paipi.

Phunziro lachisanu ndi chimodzi linafika m'mwezi wa Juni, chisanu chitagwira. A Marisel anadzaza bolodi: wamtali, wamfupi, wonenepa, wowonda, tsitsi lopota, tsitsi la imvi, wansangala, wamanyazi. Anatiuza kuti aliyense afotokoze mnzake. Elvio anaimirira msanga, naloza a Hilario, n'kunena m'Chitaliyana chomveka bwino, "Ndi wokalamba. Ndi wonenepa. Ndi wabodza."

"Lachitatulo si maonekedwe, bambo Cravero."

"Kwa awa ndi maonekedwe, aphunzitsi. Zimaonekera patali."

Titatha kuseka aphunzitsi anati, "Chabwino. Tsopano bambo anu, popeza ndi amene munadzera. Ndikufunsani, inu muziyankha. Anali aatali kapena aafupi?"

"Apakati."

"Tsitsi lawo?"

"Chipewa."

Kalasi yonse inafa nako kuseka, iyenso anaseka.

"Nanga maso awo anali amtundu wanji?"

Elvio anatsegula pakamwa. Tinadikira. Makiyi m'dzanja lake anasiya kulira. Anayang'ana pabolodi pamene panali mitundu yonse, a buluu, obiriwira, otuwa, akhofi, akuda, ngati wina wabisapo yankho. Kenaka anati, m'chilankhulo chathu, "Ndaiwala kutseka thanki," n'kutuluka.

Ndinamupeza panja, atatsamira lole. Thankiyo inali yotseka, ndinayang'ana.

"Zulema, zaka makumi atatu ndi zisanu ndinakhala naye munthu ameneyu. Ndinamusambitsa atadwala. Maso ake sindikuwadziwa."

"Waiwala chabe. Zibwera."

"Sindinaiwale. Sindinawaone. Kwathu kuyang'ana bambo kumaso kunali kuitana lamba. Patebulo aliyense maso m'mbale. Kukhola iwo mutu uli m'mimba mwa ng'ombe. Ndiye ndikanawaona liti?"

Nanenso ndinaleredwa chimodzimodzi, kungoti ine ndinali mwana wamkazi wotsiriza ndipo ndinkaloledwa zambiri.

Masabata atatu otsatira, Elvio anasanduka munthu wofunsa funso limodzi. Anayamba ndi zithunzi. M'nyumba mwawo munali ziwiri zokha: cha ukwati wa makolo ake mu 1958, chopanda mitundu, ndi china chojambulidwa paubatizo, pomwe a Bartolo anaima kumapeto, mthunzi wa chipewa utawaphimba mpaka pamphuno. Anaimbira mlongo wake Elba ku Córdoba.

"Akuda," anatero Elba. "Ayi, dikira. Mayi ndiwo anali ndi obiriwira, amenewo ndikudziwa. Bambo... Iwe, ukundifunsiranji zoterezi ndili pantchito?"

Anapita kwa a Hilario, kuwapeza akuthirira maluwa.

"Madala, munawameta zaka zingati bambo anga?"

"Makumi awiri ndi ziwiri. Loweruka loyamba la mwezi."

"Ndiye munkawaona pagalasi."

"Ndinkaona zikope, mwana wanga. Akangokhala pampando paja, maso tseke, mkonono. Ndi malo okhawo pamene munthuyo ankagona masana. Ndinkachita kuwadzutsa ndi thaulo lonyowa, ndipo akadzuka ankayang'ana chipewa chawo, osati ine." Tsiku limenelo a Hilario sanamunyoze, zomwe zinamukwiyitsa Elvio koposa.

Kenaka anayamba kufunsa m'makola. Pa khola lililonse pamene panali munthu wachikulire ankazimitsa injini, chinthu chimene sanachitepo. Mkaka unayamba kufika mochedwa kufakitale, ndipo kapitawo anamuitana kawiri. Mayankho ankabwera nawo kwa ine, atawalemba kuseri kwa timapepala ta mawu tija. Mkulu wina anati a buluu, ngati onse ochokera kumapiri. Wina anati otuwa ngati ndowa ya chitsulo. Wina anati akuda bii, chifukwa anakanganapo nawo za mpanda ndipo sadzaiwala. Mayi Clelia, a zaka 91, anati, "Obiriwira. Ndipo usandifunse kuti ndinadziwa bwanji." Mwana wawo anatsatira Elvio mpaka kulole n'kumuuza kuti mayiwo amanena zomwezo za mwamuna aliyense amene anamwalira.

Maganizo a chiphaso anali anga, ndipo ndimachita nawo manyazi pang'ono. Ndinakumbuka kuti ziphaso zakale zinkalembedwa mtundu wa maso. Dorita anapeza cha a Bartolo m'chitini cha mabisiketi, ndipo Elvio anathamanga nacho kwathu, osagogoda.

"Akhofi! Zalembedwa apa, ndi chidindo cha boma!"

Ndikanatha kukhala chete. Koma ndinapita kuchipinda n'kutenga chiphaso cha bambo anga, cha zaka zomwezo, cha ofesi yomweyo. Nacho chinati akhofi. Bambo anga maso awo anali a buluu moti ana ankawaopa. Zikuoneka kuti kalaliki wa nthawi imeneyo sankadzutsa mutu. Aliyense ankamulembera zofanana.

Elvio anaika ziphaso ziwirizo pamodzi, anaziyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe Zulema, unabadwa kuti uzisokoneza anthu?"

"Ndimafuna usanamizidwe."

"Ndinali wosangalala kwa mphindi khumi. Khumi zokha!"

Uthenga wa Graziella unafika Lachitatu, pa 13 Julayi. A Ghita anali atagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu. Tsopano anali kunyumba, koma sankadya kwenikweni. Dokotala anati amene ali ndi choti anene asadikire. Ndipo iwo ankangofunsa kuti kodi mwana wa Bartolo watha kuphunzira. Anagwirizana za Lamlungu, 11 koloko yathu, pamene kwawoko kumakhala madzulo.

Lachisanu masana Elvio anabwera kwathu ndi kope. Anazungulira tebulo langa mwina kakhumi ndisanamuuze kuti andichititsa chizungulire.

"Lemba iwe, uli ndi dzanja labwino. Bambo anga anali aatali."

"Unati apakati."

"Lemba aatali. Anali okongola. Tsitsi lakuda. Maso a buluu."

Ndinaika cholembera pansi. "Elvio, zimenezo sukuzidziwa."

"Anthu anayi mwa khumi ndi mmodzi anati a buluu. Apambana."

"Si chisankho ichi."

"Nanga ndikanene chiyani? Mayi akufa, wadikira zaka makumi asanu ndi awiri, ine ndikamuuze kuti pepani azakhali, mlongo wanu sindinamuyang'ane? Anali okoma mtima ndi ansangala. Lemba."

"Ansangala? A Bartolo?"

"Zili m'buku, tsamba 44. Mawu ena ndilibe, Zulema! M'bukumu muli anthu okoma okhaokha."

Ine kuntchito sindinalembepo nambala imene makina sanandionetse, ngakhale pamene mlimi ankalira pamaso panga kuti mkaka wake ukanidwa. Ndinamuuza zimenezo. Anati munthu wakufa si mkaka. Tinakangana mpaka madzi a yeriba anazizira. Pomaliza ndinalemba zonse monga ananenera, chifukwa azakhaliwo anali ake, osati anga. Loweruka anapita nalo pepalalo kwa aphunzitsi, iwo anakonza malo awiri, n'kumufunsa ngati akutsimikiza. Anati eya. Kenaka anandipempha kuti ndikakhalepo, ndigwire dikishonale, mwina angasowe mawu.

Lamlungu m'khitchini mwawo munali fungo la tomato. Dorita ankakanda ufa wa pasita kumapeto kwa tebulo, akunamizira kuti sakumvetsera. Elvio anali atavala malaya ositidwa, ngakhale ankadziwa kuti palibe adzamuone. Foni anaiika pakati pa tebulo, anaitsamiritsa ku botolo la mafuta, anaichotsa, anaiikanso.

Ndiyenera kunena kuti zimene a Ghita analankhula sindinazimve zonse. Mawu awo anali otsika, ndipo ankasakaniza ndi chilankhulo cha kumapiri. Zina Graziella ankabwereza pang'onopang'ono. Ndalemba zokhazo zimene tonse atatu, ine, Elvio ndi Dorita, tinagwirizana pambuyo pake kuti ndi zimene zinanenedwa.

Atapatsana moni, Elvio anatenga pepala. Anawerenga bwino kwambiri, kuposa mmene anawerengerapo m'kalasi. Aatali, okongola, tsitsi lakuda, maso a buluu, okoma mtima, ansangala. Anamaliza, napuma.

Kumbali inayo kunamveka mbalame, chifukwa kwawoko inali nyengo yotentha ndipo windo linali lotsegula. Kenaka kutsokomola, kumene tinazindikira mochedwa kuti kunali kuseka.

"Ameneyo ndani?" anafunsa a Ghita.

Elvio anandiyang'ana. Anali atamva.

"Ameneyo ndani, mwana wanga? Ndi wokongola ndithu, ndikanakhala mtsikana ndikanamulola. Koma ine ndafunsa za Bartolo. Bartolo wansangala? Kodi kumeneko anamusinthanitsa padoko?"

Dorita anasiya kukanda. Elvio anaimirira, anafika pakhomo, anabwerera. Ndinaganiza kuti azimitsa foni. Nkhope yake inafiira mpaka padazi. Anapinda pepala lija kanayi, analiika m'thumba, n'kuweramira pafoni manja onse ali patebulo.

"Azakhali. Pepani. Ndanama." Mawu amenewa ankawadziwa chifukwa cha a Hilario. "Maso... sindikudziwa. Sindinaone. Ine mwana, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Masiku onse. Ndikudziwa..." Anadzimenya kumsana, akundiyang'ana. "Zulema, ichi! Ichi n'chiyani?"

Ndinatsegula dikishonale, ndipo ndinapita tsamba lolakwika kawiri. Nditalipeza liwulo ndinamuuza.

"Msana. Ndikudziwa msana."

"Ndiuze msanawo," anatero a Ghita.

Zimene zinatsatira sizinali Chitaliyana cha m'buku, ndipo aphunzitsi akanamva akanagwira mutu. Elvio anafotokoza bambo ake mmene anthu a m'makola amafotokozera ng'ombe yosochera: osayamba ndi nkhope, koma kaimidwe, kayendedwe ndi zipsera. Liwu lililonse losowa ankaligwira pathupi pake, kuiwala kuti ngakhale foniyo ikanaonetsa, mayiyo sakanaona, ndipo ine ndinkathamanga nalo m'dikishonale.

Anati sanali aatali. Ng'ombe yaikulu inkawabisa. Phewa lamanzere linali lotsika kuposa lamanja chifukwa cha ndowa. Kunkhongo kwawo kunali kofiira ngati njerwa, ndi mizere itatu yopingasa imene inkadzaza fumbi, ndipo pansi pa kolala khungu linali loyera ngati mkaka. Zala zazikulu za m'manja zinali zopindika, zonenepa, moti sankatha kumanga batani la malaya. Mayi ndiwo ankawamangira Lamlungu. M'chiuno ankamangirira ndi lamba kampando ka okama, ka mwendo umodzi, ndipo akamachoka pa ng'ombe ina kupita pa ina kankagwedezeka kumbuyo ngati mbola ya njuchi. Nthawi zina ankaiwala kukamasula, n'kulowa nako m'nyumba, ndipo palibe mwana ankayerekeza kuseka.

"Sanali ansangala, azakhali. Anali ouma. Olankhula pang'ono. Ndi ng'ombe, ofatsa. Ndi ife..." anafunafuna liwu, ine ndinatsegula buku, iye anandiletsa ndi dzanja. "Ndi ife, ochepa."

"Eya," anatero mayiyo. "Eya. Pitiriza."

"Poyenda, phazi lamanja, chonchi." Anayenda m'khitchinimo akuponyera phazi kumbali. "Kunja. Phazi limapita kunja. Mumatope, mapazi awo ndinkawadziwa pakati pa a anthu khumi."

Apa a Ghita analankhula mofulumira, ndipo Graziella anabwereza. Phazilo linapondedwa ndi bulu a Bartolo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chingwe cha buluyo chinali m'manja mwa Ghita, kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anachitaya pothamangitsa gulugufe. Bartolo anauza bambo awo kuti anadzipondetsa yekha, ndipo anamenyedwa phazi lili lotupa.

"Ndiye silinawongoke," anatero a Ghita.

"Silinawongoke, azakhali."

Dorita anapukuta m'maso ndi mkono, n'kudzipaka ufa pamphumi. Kenaka Elvio anafunsa funso lija ngati mwana wopempha chinthu chodula.

"Azakhali, inu mukudziwa. Maso a bambo. Mtundu wanji?"

A Ghita anayankha pang'onopang'ono, moti sitinafunikire Graziella.

"Mwana wanga, ukuganiza ndinakufunsiranji? Maso anga atazima, nkhope ndizo zinayamba kuchoka. Ya mayi, ya mwamuna wanga, ya Bartolo. Zaka khumi ndakhala ndikuifuna. Ndimati mwina iwe uli nayo."

"Ndilibe."

"Ndiye palibe amene ali nayo."

Elvio anakhala pansi. Sindikunena izi kuti zikome, anakhaladi. Anaphimba nkhope ndi manja.

"Usalire ndi mawu a Bartolo," anatero a Ghita. "Sizikumuyenera. Tamvera. Mmene umalankhula muja, ndamuona akutsika njira ya kumtsinje, phazi lija likupita kumbali, ine ndili pambuyo pake ndi mtanga. Nanenso ndinkayenda kumbuyo, ukudziwa? Kungoti tsopano ali ndi kampando kumatako." Anasekanso mpaka kutsokomola, ndipo tinamva Graziella akuwapatsa madzi. "Kodi unamuonapo akuseka?"

Elvio anaganiza. "Kawiri."

"Kawiri! Ndiye kumeneko kunamukomera. Lero ndatopa. Lamlungu likubwerali undiuze koyamba. Linalo, kachiwiri. Ukatha undiuze za malo amene wagona, ngati kuli mitengo, ngati dzuwa limafikako. Usathamange. Ndikufuna ndikhale ndi chodikira."

Foni itazima, Dorita anati, "Elvio, madzi awira, ndithandize mphikawu," ndipo anamuthandiza. Ine ndinakana kudya nawo, koma sanandimvere.

A Ghita anakhala ndi moyo masabata ena asanu ndi limodzi. Za kuseka kuwiri kuja anazimva zonse. Koyamba kunali pamene ng'ombe yamphongo inathamangitsa mwini khola mpaka m'thanki ya madzi; kachiwiri Elvio wandipempha kuti ndisalembe. Za manda Elvio anavutika nazo masabata awiri, chifukwa phunziro la malo linali lodzaza mapiri, nyanja ndi misewu yopapatiza, pamene kuno kuli see, ndipo ankangodandaula kuti munthu angafotokoze bwanji malo opanda kanthu. Anapitako katatu ndi lole, kuima pakati pa mitanda, kope lili m'manja. Pomaliza anawauza kuti kuli mitengo isanu ndi iwiri ya bulugamu, kuti mphepo siileka, ndi kuti munthu akamabwera wapansi umamuona kwa ola lathunthu asanafike. Mayiyo anati Bartolo ankadana ndi kudzidzimutsidwa, ndiye malowo ndi ake.

Anamwalira pa 30 Ogasiti. Graziella anaimba Lachitatu, Elvio ali pamsewu. Lachinayi anabwera m'kalasi monga mwa masiku onse, mochedwa, n'kuima kumbuyo. A Hilario anatembenuka.

"Wadazi, tamva za malirowo. Pepa. Ndiye Chitaliyana chatha ntchito?"

"Graziella akuti ali ndi mafunso akenso. Akufuna kudziwa anthu a kuno."

"Ukamuuze za ine. Wamtali, wokongola."

"Ndamuuza kale za inu, madala. Akuti ku Milano muziyenda nokha." Anakoka mpando, osakhalapo. "Aphunzitsi, tili tsamba liti? Tifulumire, lole ndaiimika poletsedwa."